Tsiku Limene Madzi Anang'amba Mkuwa Padenga

Mphatso, tseka chitsekocho, mphepo ikulowa. Wabwera ukuthamanga ngati waona njoka, nkhani yake n'kukhala yoti kuseri kwa nyumba kukudontha madzi. Ndamva. Usakakhudze kapaipi kameneko, ndipo iwe Takondwa usakayerekeze kukatsekapo ndi chala, ndikukudziwa bwino. Kakudontha dala, ndiyo ntchito yake. Khalani apa nonse awiri, bulangeti limodzi likukwanani. Ndikuuzeni zimene kanatichita kameneko, chifukwa panangotsala pang'ono kuti inu mukule mukundionera pa foni pokha. Mukafuna kufunsa funsani m'Chingerezi chanu chotulukira m'mphunocho, bola makutu okha akhale a Chichewa.

Inu mumati kuno kumazizira. Kuzizira mukukudziwa inu? Ine ndinabadwira ku Dedza, m'tsinde mwa phiri, kumene mwezi wa Juni madzi a mumtsuko amaluma mano. Chimene chinandidabwitsa nditangofika kuno n'chakuti chisanu cha kuno ndi cha kwathu chimagwa miyezi imodzimodzi. Ndinakhala m'ndege mpaka miyendo kutupa, n'kudzapeza Juni yemwe uja akundidikirira. Ndinawafunsa mayi anu kuti zimatheka bwanji. Anatenga lalanje n'kumalizunguliza pafupi ndi babu, ine n'kungovomera kuti asatope, koma mpaka lero sindinakhutire.

Tili atsikana tinkalawirira kuchitsime cha kudambo nkhungu isanachoke. Masiku ena udzu unkayera ngati wina wawazapo ufa, ukaponda n'kumalira kuphazi. Nsapato tinalibe, zikang'a zokhazokha. Chisanu choterocho chinkawaula masamba a kachewere, m'mawa n'kuwapeza akuda ngati padutsa moto. Ine ndinkaima pamenepo mtsuko uli pamutu n'kumadzifunsa kuti chinthu chozizira chingawotche bwanji. Nditawafunsa amayi anga anati mafunso angawa adzandithawitsira amuna. Sanathawe, ndi omwe mukuwamva akugogoda m'galajamo.

Madzi amene wawasenza wekha pankhata suwataya. Otsukira mbale ankapita pa mpiru, osambira tinkawaza pabwalo kuti fumbi ligone, otsala m'chikho ankabwerera mumtsuko. Mwana akataya madzi ankalandira khofi asanafotokoze n'komwe. Inu mumaima m'bafa mpaka galasi kuchita nkhungu, mukuimba nyimbo yonse n'kuibwerezanso. Sindikukudzudzulani, ndikungofuna mumvetse kuti kwa anthu a msinkhu wathu madzi odontha pachabe amawawa ngati magazi akutuluka pachala.

Agogo anu aamuna, a Chisale, anali okonza njinga pamsika. Njinga za masiku amenewo zinali zakuda, zolemera, zonyamula matumba a kachewere ndi mayi woyembekezera pamwamba. Chubu chikatheratu moti chigamba chagona pa chigamba chinzake, iwo ankachidula timizere titalititali, tija timati malegeni. Ndi mphira imeneyo ankamanga chilichonse: katundu pa kaliyala, mpini wa khasu, wailesi yothyoka chitseko, ngakhale patapata wanga. Mipopi itafika m'dera lathu, paipi ikangobooka ana ankathamangira kumsika kukaitana a Chisale. Iwo ankabwera mphira ili m'thumba, n'kuikoka mpaka kupyapyala, kuzunguliza, kuzunguliza, mchira n'kuulowetsa pansi. Madzi ankangoti zii. Anthu ankawapatsa nthochi, ena mazira, ena zikomo chabe, koma pamsika ponse ankadziwa kuti pali munthu.

Tsono iwe Mphatso utabadwa, tchuthi cha mayi ako chinatha uli wakhanda ndithu, ndipo anayenera kubwerera ku mashifiti awo kuchipatala m'tauni. Bambo ako ankayendetsa lole kuchokera kudepoti ya ku Kewdale. Takondwa anali atangoyamba sukulu, akulira tsiku lililonse pachipata. Usandiyang'ane choncho, unkalira. Ndiye anatiitanitsa ife kuti tidzathandize. Dera lathu lino la Ellenbrook nthawi imeneyo silinali ili mukulionali. Sitima kunalibe, mitengo inali timitengo tomangirira ku ndodo, kulikonse mchenga woyera ndi nyumba zofanana ngati mazira. Ukatuluka panja sukumana ndi munthu woti umupatse moni. Galimoto imatuluka m'galaja, imalowa m'galaja, mwini wake osamuona nkhope.

Ine ntchito ndinaipeza tsiku lomwe ndinafika. Mwana ndi mwana kulikonse, amafuna msana ndi nyimbo. Koma agogo anu aamuna analibe chogwira. Akatenga tsache, mayi anu ankati pali makina ake. Akafuna kutchetcha kapinga, bambo anu ankathamanga kukawalanda makinawo mwaulemu, akuti angadzipweteke. Mawu anali amodzi okhaokha: pumulani, mwagwira ntchito zaka zambiri. Anapumula mpaka kuwonda. Ankakhala pazenera lija kuyang'ana mbalame zoyera zaphokoso zija, ndi akhwangwala a kuno amene amalira ngati mbuzi yodwala. Munthu wa nthabwala uja anasiya kuyankhula.

Tsiku lina anandiuza kuti, "Nambewe, mlendo ndi mame. Ine chisanu chino chisanathe ndikhala ndili kwathu."

Apa ndiye panali nkhani, ana inu. Munthu amene ndakhala naye kuyambira ndili mtsikana, wodwala shuga, amene sadziwa n'komwe kuti mankhwala ake amakhala pati, sindikanamusiya kuti apite yekha. Akapita iwo ndiye kuti nanenso ndapita. Koma kupita kwanga kunali kukumasula iwe kumsana, mwana woti khosi silinalimbe, n'kukakusiya m'manja mwa anthu osakudziwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mtima wanga unang'ambika pakati, ndipo ndinalibe womuuza, chifukwa mayi anu ankabwera kuntchito maso atalemera ndi tulo.

Muyenera kumvetsanso za bambo anu ndi agogo anu. Kwathu mkamwini ndi mpongozi wake sayang'anana m'maso. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire, moni n'kumaperekera chapatali. Sadyera mbale imodzi, satsutsana, ndipo ngati pali chonena chimadzera mwa munthu wina. Bambo anu analeredwa ndi agogo awo ku Ntcheu, mwambo umenewu anaumwera m'phala. Tsono taganizani nyumba ino ya kanjira kamodzi kopita kuzipinda. Akakumana pakati, uyu ankabwerera chambuyo, uyonso chambuyo, aliyense akuwomba m'manja, mpaka kanjirako kutsala kopanda munthu. Ine ndinkaseka mpaka kukudzutsa iwe Mphatso. Inu lero mumawakwera bambo anu pamutu, mumawaitana ngati mnzanu wa kusukulu. Zinthu zinasintha, ndipo sindinganene kuti zonse zinaipa.

M'mawa wina agogo anu analowa m'khitchini nkhope ikuwala. Anati ndibwere ndidzaone. Kuseri kwa nyumba, kapaipi kamkuwa kotsika kuchokera padenga kankadontha, pansi pali kadziwe. Anayamba kukalondalonda ngati mlenje. Anapeza kuti sikadontha masiku onse. Kukakhala mitambo kapena mvula kankakhala kouma, koma kukacha kopanda mtambo, kozizira kwambiri, kankadontha mpaka dzuwa litakwera, kenako n'kusiya kokha. Nanenso zinandizunguza mutu. Paipi yobooka kwathu imadontha usana ndi usiku, siyang'ana kumwamba. Ndinawauza kuti afunse eni nyumba, poti safunsa anadya phula. Anandiyankha kuti mwambi umenewo ndi wa ana, kudontha ndi kudontha basi, ndipo anawa ndi otanganidwa, n'chifukwa chake sanaone.

M'galaja anapezamo chubu chakale cha kanjinga kako Takondwa. Anachidula ndi sizasi yanga yosokera, imene sindinawakhululukire mpaka pano. Anasema kamtengo, n'kukakhomera kukamwa kwa kapaipi kaja, kenako mphira pamwamba, kukoka, kuzunguliza, mchira pansi. Kutazizira m'mawa wotsatira, pansi panali pouma. Tsiku limenelo ndinamva likhweru m'nyumba muno koyamba. Anadya n'kuwonjezera, anakunyamula iwe Mphatso n'kukuvinitsa, za ulendo osazitchulanso. Pa chakudya chamadzulo analengeza okha kuti vuto la kuseri lija latha. Mayi anu anathokoza. Bambo anu supuni inaima m'malere, anayang'ana m'mbale kanthawi, kenako anati, "Zikomo kwambiri, apongozi. Mwatithandiza."

Ine maso anga sagona. Patapita masiku ndinaona bambo anu madzulo akuyang'ana za nyengo pa foni, kenako n'kunena kuti akukatulutsa zinyalala. Zinyalala zimakhala kutsogolo, iwo analowera kuseri. Ndinasuzumira pazenera la kochapira, n'kuwaona atanjuta, akumasula mphira ija bwinobwino, kamtengo n'kuika m'thumba. Kutacha, dzuwa litangowomba padenga, agogo anu ali m'bafa, anapitanso kukabwezera zonse m'malo mwake asanakwere galimoto. Sankachita masiku onse, koma okhawo amene foni yanena kuti kuzizira kwambiri.

Mkamwini sindikanamufunsa, ndiye ndinapanikiza mayi anu. Anandifotokozera kuti magalasi akuda a padenga aja, a sola, ndi amene amatenthetsa madzi athu osamba, ndipo m'kati mwake muli timapaipi tating'ono todzaza madzi. Kukazizira kwambiri pali kavavu kamene kamatseguka kokha kuti madzi aziyenda, asaundane. Akaundana, timapaipi timaphulika. Ndinafunsa kuti nanga bwanji osangowauza agogo anu.

"Amayi, mwawaona mmene akusekera masiku ano?" anatero mayi anu. "Komanso bambo a Takondwa akuti pakamwa pawo sipangatuluke mawu oti apongozi mwalakwitsa. Akuti bola azingomasula mpaka chisanu chithe."

Kunena zoona, zoti madzi angang'ambe chitsulo sindinazikhulupirire kwenikweni. Madzi amene timamwawa, ofewa chonchi? Ndinkaona ngati ndi zoopseza za azungu, zonga zija amalemba pa chilichonse kuti chenjerani. Ndipo likhweru lija linkandikomera, chifukwa tsiku lililonse limene ankaimba linali tsiku linanso loti ndikhale nawe.

Koma munthu wokonza njinga sumupusitsa pa mphira. M'mawa wina anabwera akukanda m'mutu. Anati mphira yawo ikumatembenuka yokha. Iwo amazunguliza cha kumanja, koma masiku ena akumaipeza itazungulira cha kumanzere, mchira utalowa mwamantha. Poyamba anaganizira mbalame zoyera zija, poti zimasenda chilichonse ndi milomo. Kenako anati mbalame singamange. Anandiyang'ana ine nthawi yaitali, ine n'kumangopukuta mbale youma kale. Bambo anu ndi amanzere, mukudziwa, koma zimenezo agogo anu anali asanaziike pamodzi, chifukwa munthu amene sumuyang'ana pakudya sudziwa dzanja limene amadyera.

Ndiye kunabwera sabata imene bambo anu anatumidwa kutali ndi lole, ulendo wogonera. Anawasiyira mayi anu uthenga wa mphira. Mayi anu tsiku limenelo anagwira shifiti yawo n'kuwonjezera ya mnzawo wodwala, ndipo atafika anagona ndi yunifolomu yomwe, za mphira osazikumbuka. Sindiwaimba mlandu, munthu si makina. Mitambo inali itachoka yonse, mphepo itaima.

Kutacha ndinatuluka nawe kumsana iwe Mphatso, n'kuima pakhomo kukamwa kuli yasa. Kapinga yense anali woyera ngati dambo la kwathu lija. Pagalasi la galimoto panali kachikhokho kowala ka madzi oundana. Ndinakapala ndi chikhadabo, n'kukaika palilime, ndikuyang'ana uku ndi uku kuti aneba asandione. Ndinasangalala ngati ndakumana ndi munthu wa kumudzi. Ndili pomwepo dzuwa linafika padenga, ndipo posakhalitsa ndinamva madzi akuthamanga m'ngalande ya malata, mvula yopanda mtambo. Anasefukira, n'kumatsika ndi khoma. Agogo anu anathamangira kuseri kukaona mfundo yawo, n'kuipeza ili gwa, youma. Anabwerako akunena monyadira kuti pawo pali bwinobwino, vuto lili kumwamba.

Mayi anu atadzuka anangogwira pakamwa. Anakatseka madzi a nyumba yonse kumpopi waukulu wa kumsewu, n'kuimbira pulambala. Kunabwera chimunthu chachikulu chandevu zofiira, chitavala kabudula m'chisanu chonsecho, miyendo ili mbee. Anthu a kuno ndi kabudula sindidzawamvetsa. Anakwera padenga, anagwiragwira, n'kutsika ndi kachidutswa ka paipi. Atazungulira kuseri anaona mphira ija. Anayesa kuimasula ndi zala, inakana. Anaseka, n'kufunsa kuti wamanga ndani, poti mfundo yotere sanaionepo. Agogo anu anabwera kutsogolo, Chingerezi chawo cha pamsika chili m'manja.

Munthu uja sanakalipe. Anawapatsa kachidutswa kaja kuti aone. Mkuwa unali utang'ambika m'litali ngati nyemba youma ikathetheka padzuwa. Anafotokoza kuti madzi akamaundana amafufuma, amafuna malo oposa amene anali nawo, ndipo akasowa kopita palibe chitsulo chingawaletse. Madzi oyenda saundana msanga, n'chifukwa chake kavavu kaja kamawatsegulira njira. Anati kuno zimachitika mwa apo ndi apo, makamaka madera ano otalikira nyanja, koma kumayiko ozizira zenizeni anthu amaveka mapaipi awo zofunda, ena amasiya mpopi ukudontha dala mpaka kucha, ndipo akamachoka pakhomo nthawi yaitali amakhuthula madzi onse m'mapaipi.

Ndinkayembekezera kuti agogo anu agwa nkhope. Ayi ndithu. Anatembenuza kachidutswa kaja uku ndi uku, kukayang'anitsa padzuwa, mafunso ali mbwee. Zinthu zonse zikazizira zimafota, ngakhale tayala la njinga limaphwa m'mawa, nanga madzi okha afufuma bwanji? Bwanji aundana padenga pomwe m'ndowa ya pakhonde sanaundane? Mayi anu anatopa ndi kumasulira. Ine ndinalowa m'nyumba mwakachetechete, ndinadzaza madzi m'botolo la jamu mpaka pakamwa, kutseka zolimba, n'kuliika m'chipinda chozizira kwambiri cha firiji. Pofika madzulo linali litasweka, madzi ataima okha ngati mwala, osafunanso botolo. Tinaliyang'ana awiriwiri, ine ndi agogo anu, ngati ana. Iwo anati zaka zonsezi ankayesa kuti madzi amawadziwa.

Zikanathera pamenepo bwenzi zili bwino. Koma mutu wa agogo anu ukayamba kuyenda suima. Tili pomwepo m'khitchini anafunsa mayi anu kuti, popeza chimangireni mphira ija kwazizirapo kangapo, bwanji sizinaphulike kale? Mayi anu anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana firiji. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono, akukumbukira mphira yozungulira cha kumanzere ija.

"Ndiye kuti nonse mumadziwa," anatero motsitsa mawu.

Analowa kuchipinda, ndipo ndinamva sutikesi ikutsika pamwamba pa kabati. Ana inu, ndinachita mantha kuposa tsiku limene ndinakwera ndege koyamba. Ndinakhala pampando uwu ndikukugwedeza iwe Mphatso, ndikuwerenga tizala tako, ndikuganiza kuti ukadzayamba kuyenda ine ndidzamva kwa anthu.

Bambo anu anafika mawa lake masana, nkhani anali ataimva kale pa foni. Sanavule n'komwe nsapato za kuntchito. Anakanjuta pakhomo la chipinda chathu, chipewa chili m'manja, n'kuyamba kupepesa: kuti cholakwa ndi chawo, kuti akanayenera kuitana pulambala kalekale, kuti apongozi asadandaule za zowonongekazo. Agogo anu anawasiya mpaka amalize. Kenako anayankhula, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akuyankhula ndi mkamwini wawo mawu opitirira moni.

"Apongozi, paipi ndaphulitsa ndine, ndipo zimenezo sizikundiwawa kwambiri. Munthu amaphunzira mpaka tsiku lolowa m'manda. Chikundiwawa n'chakuti mumandimasulira kuseri. Mwana akaphika dothi m'chigoba, akuluakulu amanamizira kudya n'kumati zakoma. Ndi zimene mwandichita ine. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Inu simunanditsine. Ndiye kuti pakhomo pano ndine mlendo, ndipo mlendo amapita."

Bambo anu anakhala chinjutire. Kenako anawomba m'manja n'kubwerera chambuyo. Ndinati basi zatha. Madzulo amenewo ndinayamba kupinda zitenje zanga, ndikusankha ziwiri zoti ndikusiyire.

Pulambala uja anali atakonza za padenga, koma ananena kuti mapaipi oyenda ndi khoma la panja ndi bwino avekedwe zofunda zija, zakuda, zofewa ngati siponji, zong'ambika mbali imodzi kuti paipi ilowe. Loweruka m'mawa bambo anu anakazigula. Atabwera anagogoda pachitseko chathu n'kunena, akuyang'ana pansi, kuti ntchitoyo ikufuna anthu awiri. Agogo anu anatuluka, osati mokondwa, koma poti munthu wapempha. Ine ndinakubereka n'kukaima pazenera la kochapira lija, malo anga aukazitape.

Bambo anu anakwera makwerero kuyamba kumwamba, agogo anu n'kuyamba pansi. Tsono manja a munthu ali ndi nzeru zawozawo. Agogo anu atangogwira chinthu chakuda chofewa, manja anakumbukira pamsika. Anachikoka mpaka kupyapyala, n'kuyamba kuchizunguliza pa paipi molimba, tepi pamwamba, kufinya zedi. Bambo anu anayang'ana pansi n'kuona. Ndinawaona akutsegula pakamwa n'kutseka. Anayang'ana kumwamba ngati akupempha thandizo. M'chisanu chonsecho thukuta linali pamphumi. Ine pazenera ndinkangoti chamumtima, nenani, mwana wa eni, nenani.

"Bambo," anatero bambo anu. "Mukulakwitsa. Osakoka. Imeneyo si legeni."

Agogo anu anaima, chinthu chija chili m'manja, n'kukweza maso. Anayang'anana, mkamwini ndi mpongozi, maso ndi maso, poyera.

"Ndiye titani?" anafunsa agogo anu.

"Muiveke ngati bulangeti, momasuka. Mpweya umene uli m'kati mwa siponjiyo ndi umene umatchinga chisanu. Mukafinya mwauthamangitsa."

"Mpweya?"

"Mpweya, bambo."

"Tatsikani mundionetse."

Anatsika. Anamasula zonse zimene agogo anu anamanga, iwo akuona, n'kuyambiranso. Sipanapite nthawi ndinamva agogo anu akunena kuti tepi akuidula molakwika, pamakona pafunika kudula mopendeka ngati chigamba cha chubu. Bambo anu anakana, agogo anu anaumirira, anayesa njira zonse ziwiri, ndipo ya agogo anu inagwira. Pa paipi yotsatira bambo anu ndi amene anapambana. Anakangana mpaka dzuwa kufika pamutu, mawu akukwera, moti mayi anu anadzuka kudzafunsa ngati kwagwanji. Ndinawauza kuti abwerere akagone.

Masana agogo anu analowa m'khitchini manja ali bii, malaya atang'ambika pachigongono. Anamwa madzi kapu yonse ali chiimire, n'kundiuza kuti mkamwini wanga uja ndi wamwano kwabasi, sakudziwa kuti analeredwa ndi ndani. Nkhope yonse inali mano okhaokha. Kenako anati ndiwauze mayi anu akawagulire ovolosi, yamatumba ambiri.

Ndinafunsa kuti ovolosi ndi yachiyani kwa munthu wa paulendo.

"Ulendo wake uti?" anatero. "Mnyamatayu akuti ikafika Januwale mapaipi omwewa amatentha mpaka kuwotcha dzanja, madzi a mpopi wozizira n'kumatuluka ofunda. Ine zimenezo sindingazimvere kwa anthu. Ndikufuna ndidzaone ndekha."

Anatuluka kubwerera kuntchito yawo. Ine ndinakhala pansi penipeni pa matailosi ozizirawa n'kulira ngati mwana, ndipo sindichita nazo manyazi. Iwe Mphatso unali m'tulo kumsana kwanga, dovu likutsikira pakhosi panga, osadziwa kuti mlandu wonsewo unali wako.